Azakhali aTikambenji Anathyola Loko

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha azakhali aTikambenji, ndipo ine ndinabwerako kumanda nditakwiya. Amene anapatsidwa mpata wolankhula ananena kuti malemu anali mayi wofatsa, wokonda mtendere, wosadziwa kubweza mawu. Ndinacheukira mlongo wanga Yotamu. Anali atazolika, mapewa akugwedezeka, ndipo anthu ankayesa akulira pamene iye ankalimbana ndi phwete. Wofatsa ndani? Azakhali athu aja, amene kondakitala aliyense wa minibasi pakati pa Sinda ndi Katete ankawadziwa mawu asanawaone nkhope? Ine ndakana. Munthu tinamukwirira kale ndi dothi, tisamukwirirenso ndi mabodza.

Anali mlongo wa atate athu. Anali aafupi, ojintcha, khutu limodzi logontha, motero ankalankhula ngati aliyense ali tsidya lina la dambo. Ankavala jekete yachimuna pamwamba pa chitenje, kutenthe kuzizire, ndipo m'manja mwawo simunkasowa ambulera yakuda imene sindinaionepo itatambasulidwa. Ntchito ya ambulerayo inali kulozera anthu, kugogoda zitseko ndi kuimitsa magalimoto. Moni wawo unali waufupi. Kwa ife ana aakazi ankangoti, "Wadya?" Kwa Yotamu ankati, "Bwera kuno, uzira." Mwamuna wamkulu, wa ndevu zake, ankawerama n'kuwauzira mpweya kumaso, iwo n'kununkhiza. Mphuno imeneyo sinkapusitsika ndi chingamu kapena masamba a gwafa.

Mphunoyo anaiphunzitsira pa mgolo. Azakhali ankatcheza kachasu, ndipo kwa zaka zambiri ogula ankachokera mpaka ku Sinda kudzakhala kuseri kwa nyumba yawo. Manyazi analibe. Ankati mgolo umenewo ndi umene unalera ana awo, bambo wa anawo atapita kumigodi osabwerako, ndipo wofuna kuwaweruza ayambe wanena tsiku limene anawagulirapo ana aja yunifolomu. Koma mmodzi mwa omwa anali atate athu, ndipo iwo ankamwa mosaletsedwa poti ndi kwa mlongo wawo. Atamwalira, mimba itatupa, maso ali chikasu, azakhali sanalire mokweza. Anthu atabalalika, anatulutsa mgolo uja, anaugubuduza mpaka pamphambano pamene njira ya kumudzi kwathu imakumana ndi msewu wa tala, anaugadabuza pansi pa mtengo wa mango n'kukhalapo. Paipi yotchezera anaiponya m'chimbudzi. Jekete ija inali ya atate. Sanatchezenso, ndipo wofunsa chifukwa chake ankangouzidwa kuti shuga wadula.

Anthu ambiri amene akuwakumbukira lero akuwakumbukira ali pa mgolo pomwepo, m'mawa wa Lachiwiri, akudikira Yotamu kuti apite naye kuchipatala. Ena amayesa ankalipidwa ndi a zaumoyo. Sankalipidwa. Kuti mumvetse chimene chinawakhazika pamenepo, ndiyenera kunena za loko.

Yotamu anatenga nkhope ya atate, luso lawo la ukalipentala, ndi khosi lawo lomwe. Anayamba ndi tujilijili, mowa wa m'timapaketi, ali mnyamata, n'kudzakhazikika pa kachasu. Pofika nthawi imene ndikunenayi, mkazi wake anali atamubweza kuchoka ku chikamwini, iye n'kudzakhalanso pakhomo pa amayi. M'mawa manja ankamunjenjemera, sankatha kulunjikitsa msomali asanalawe. Ankamwa tsiku ndi tsiku, osati kuti asangalale, koma kuti aimirire.

Chaka chimenecho, thonje litagulitsidwa, amalume aGeresomu anagamula. Iwowa ndi mlongo wa amayi, mwini mbumba yathu, komanso mkulu wa mpingo. Sindiwanamizira nkhanza. Ankamukonda Yotamu, ndipo kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi katundu wako, ukamulekerera mudzi umaloza iwe. Iwo anaganiza kuti mankhwala a mowa ndi kusowa mowa. Anamulowetsa m'kanyumba kosungiramo thonje, kamene nthawi imeneyo kanali kopanda kanthu, anakhoma loko, kiyi n'kuika m'thumba. Chakudya ndi madzi zinkalowera pawindo. Masana amayi a mpingo ankabwera kudzaimba panja. Mudzi wonse unati nzeru ndi zimenezi.

Azakhali sanauzidwe. Akanauzidwa ngati ndani? Pa mwambo wathu a kuchimuna alibe mawu pa ana. Atate timati ndi tambala chabe, nanga mlongo wa tambala ndiye ndani?

Anamvera kuchigayo patapita masiku angapo. Apo n'kuti Yotamu atasiya kupempha kuti amutsekulire. Thukuta linkangoyenderera, ankakuwa kuti makoma adzaza linthumbu, kuti padenga pakutsika njoka. M'mawa wa tsiku limenelo anagwa pansi n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu, kenako n'kudzuka osadziwa dzina la amayi. Ena ankati ziwanda zikutuluka, tipirire. Ena ankanong'onezana za ufiti. Amayi ankalira pawindo, koma mlongo wawo anali atalamula, ndipo iwo sanaphunzire kumutsutsa.

Dzuwa lili paliwombo tinamva ngolo. Azakhali anali atabwereka ngolo ya mwini chigayo, ndipo anatsika ndi ambulera kudzanja lina, nkhwangwa kudzanja lina. Nyimbo inaduka yokha. Amalume anaimirira pakhomo pa kanyumba kaja.

"Alamu, tsekulani," anatero azakhali.

"Alamu, nkhani ino ndi ya mbumba yanga. Inu mwabwera ngati alendo. Akuyalireni mphasa."

"Mphasayo mudzandiyalire pa maliro ake. Tsekulani."

"Mowa ukutuluka m'thupi mwake. Tikatsekula lero, tataya zonse."

"Ukutuluka ndi moyo womwe! Ine ndinayamba kutcheza kachasu inu mukuloweza katekisimu. Anthu otere ndawaona. Womwa tsiku ndi tsiku mukamudula kamodzi, amaona nyerere, amagwa, ena sadzukanso. Mwanayu akufunika chipatala, osati loko."

Amalume ndi munthu wodekha, koma tsiku limenelo anapsa mtima pamaso pa anthu awo a mpingo, ndipo ananena mawu amene mudzi wonse unkangowasunga kukhosi.

"Inuyo? Inu amene munapha atate ake ndi mgolo wanu, lero mutiphunzitse kulera?"

Azakhali anayang'ana amalume, anagwira kolala ya jekete ija, n'kunena motsitsa mawu, mwina koyamba m'moyo wawo.

"Eya. Mmodzi ndinaika. Wachiwiri sindiika."

Anawakankha ndi phewa, anatembenuza nkhwangwa, n'kumenya loko ndi chitsulo chakumbuyo mpaka chogwirira chinazuka pamodzi ndi misomali yake. Mkatimo munali fungo loti simungalowe. Yotamu anali atakhala pakona akudzikanda mikono. Ndiyeno azakhali anachita chinthu chimene anthu akuchinenabe mpaka lero. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kabotolo ka kachasu kamene anagula panjira, anathira pang'ono m'chitsekerero n'kumumwetsa, amayi a mpingo akuona. Wina anakuwa kuti Satana walowa masana. Azakhali anati akungofuna kuti mwanayo akafike pa tala ali moyo, ndipo amene ali ndi manja athandize kunyamula.

Ndinakwera nawo ngoloyo, kenako minibasi, mpaka kuchipatala chachikulu cha kufupi ndi Katete. Namwino amene anatilandira, mtsikana wa m'tauni wolankhula mofulumira, atamva za kabotolo anawazazira azakhali pamaso pathu.

"Amai, kumubweretsa mwachita bwino maningi. Koma ija kachasu, iyayi. Munthu wamene anagwa so angatsamwe, angakufereni panjira. Mankhwala yake tili nayo ise kuno."

"Mankhwala anuwo anali pangolo?" anayankha azakhali.

Koma mawuwo analowa. Kuchokera tsiku limenelo, aliyense amene ankawatamanda chifukwa cha kabotolo ankamukalipira. Ankati zimenezo zinali za umbuli, munthu akayamba kunjenjemera ndi kuona zinthu mungothamanga naye kuchipatala. Za loko ndiye sanapepesepo. Mpingo unawaika pa chilango chifukwa cha kumwetsa munthu mowa ndi kunyoza mkulu, unawaletsa mgonero, n'kuwakhazika benchi yakumbuyo. Iwo sanajombe Sabata ndi limodzi lomwe. Ankakhala kumbuyoko n'kumaimba mokweza kuposa kwaya, ndipo poti khutu linali logontha, ankaimba nyimbo yawoyawo.

Yotamu anagonekedwa, anamuika diripi, anamubaya jekeseni ndi kumupatsa mapiritsi mpaka kunjenjemera kunatha ndipo nzeru zinabwerera. Ife tinayesa wachira. Amalume anafika atavala tayi, n'kupempha kuti amutumize ku Lusaka, kuchipatala cha a misala, akakhale kumeneko mpaka akaiwale mowa. Ndikuganiza kuti ankafunanso kuti manyazi apite kutali. Adokotala ndi mlangizi wa pachipatalapo anatikhazika pansi. Anati kugonekedwa kuja kunali kungochotsa mowa m'magazi popanda kumupha, ntchito yeniyeni ikuyamba kumene. Anati si aliyense wofunika kusungidwa m'chipatala. Yotamu akanatha kumagona kwawo n'kumabwera kangapo pa sabata kudzaonana ndi mlangizi, kudzapimidwa, ndi kudzakhala pagulu la anzake a vuto lomwelo. Zikamayenda, azibwera kamodzi pa sabata, kenako kamodzi pa mwezi. Zikavuta, abwerere pamene anachoka, ngakhale pabedi pomwe. Koma anati njira imeneyi imafuna munthu womuperekeza ndi kumuyang'anira kunyumba.

"Alipo?" anafunsa mlangizi.

Tonse tinayang'ana pansi. Ine ndinali ndi kalasi yoti ndiziphunzitsa, amayi miyendo, amalume mpingo ndi munda. Ambulera inakwera m'mwamba.

"Ndilipo. Ntchito yanga ndi yotani, yoposa kukangana ndi anthu?"

Azakhali anazimvetsa mwa njira yawo. Ankati zili ngati makwerero a pankhokwe: munthu amatsika popondapo pamodzi pamodzi, wodumpha amathyoka mwendo, ndipo woterereka sawotcha nkhokwe, amangokweranso. Za Lusaka ankati kumeneko akhoza kuchira bwinobwino, koma basi idzamutsitsa pamphambano pomwe pano, pamene pali shabini. Bola aphunzire kudutsa pakhomo pa shabiniyo ndi miyendo yake, anzake akumuitana. Odwala anawagawa m'magulu ndi mayina awoawo: wa bedi, wa benchi, wa mwezi. Anamwino poyamba ankaseka, kenako ndinawamva nawonso akutero.

Ndi mmene anayambira kukhala pa mgolo m'mawa. Yotamu ankafika, kuuzira, n'kukwera. Masiku oyamba ankayenda atabisa nkhope m'chipewa, ndipo anthu akafunsa kumene akupita ankati akukagula misomali. Azakhali sankalola zimenezo.

"Tikupita kuchipatala cha mowa!" ankakuwa msewu wonse kumva. "Malo alipo, kwerani, inunso nkhope yanu ikuoneka!"

Ankati munthu amene ankagona m'ngalande masana osachita manyazi, sangayambe manyazi lero poyenda ndi miyendo iwiri kukafuna moyo. Anyamata a pamphambano ankaitcha minibasi ya m'mawayo kuti basi ya zidakwa. Azakhali anatenga dzinalo n'kumaligwiritsa ntchito okha, mpaka linasiya kuwawa.

Kuchipatalako anakangananso. Ankafuna kulowa m'chipinda cha mlangizi kuti akamve zimene Yotamu akunena, ndipo atauzidwa kuti zam'menemo ndi za wodwala yekha, ananena kuti mwanayo anamusambitsapo ali wakhanda, alibe chinsinsi. Anawakaniza ndithu. Anakhala panja pa benchi akusenda nsawa, akung'ung'udza, makoko akuwaika m'thumba la jekete. Patapita miyezi anandiuza kuti mwina bola choncho, chifukwa Yotamu ankatuluka m'chipindamo maso ali ofiira koma msana utawongoka, ndipo zimene ankasiya mmenemo mwina zinali zokhudza iwo ndi mgolo wawo.

Yotamu anagwapo. Nyengo ya mwambo wa Kulamba anapita ku Mkaika kukakhomera anthu mabenchi ogulitsirapo malonda, ndipo anabwerako akununkha. Apo n'kuti atafika kale pa kamodzi pa sabata. Amalume anati tinanena. Ine ndinalira, ndinati zonse zija zapita m'madzi. Azakhali sanakuwe n'komwe. M'mawa mwake, ngakhale silinali tsiku lake, anamugogodera ndi ambulera n'kupita naye, ndipo anamwino anamubwezera pa kangapo pa sabata. Pobwerera anamugulira chimanga chowotcha, iye akudya akulira.

Pang'ono ndi pang'ono pa mgolo panayamba kufika ena. Mphunzitsi wina wopuma ntchito, mwamuna wina wa chamba amene ankalankhula yekha, ndi mayi wina wa ku Vubwi wokwatiwa kwathu amene ankamwera m'ketulo kuti anthu aziyesa tiyi. Azakhali ankawatenga onse, akuwatukwana njira yonse. Wina akawatcha munthu wabwino ankakwiya, n'kunena kuti theka la anthu amenewa anawaphunzitsa kumwa ndi iwo, ndiye asawavutitse ndi matamando. Yotamu anafika pa kamodzi pa mwezi, anayambanso kukhoma zitseko zowongoka, ndipo mkazi wake anayamba kumutumizira ana Loweruka.

Amalume ndi azakhali sanagwirizanepo. Akakumana panjira ankapatsana moni wa m'mano. Koma nyengo ya dzinja, mtsinje ukadzaza, ngolo ya amalume inkapezeka m'mawa pakhomo pa Yotamu, ng'ombe zitamangidwa kale, popanda wonena kanthu. Ndi amalume omwewo amene ananena pachiliza kuti malemu anali wofatsa. Mwina ndi mmene munthu wa tayi amapepesera, koma ine sindinakhutire.

Azakhali anagwa m'munda wa nsawa chaka chatha, mvula itangoyamba, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Anawagoneka m'chipatala chomwe chija. Pakamwa panali patapotoka, mawu osamveka, koma Yotamu atalowa anamukodola ndi dzanja lamoyo. Iye anadziwa. Anawerama n'kuuzira. Azakhali ananunkhiza, anatsinzina, n'kugwedeza mutu. Sanakhalitse.

Pamaliro anthu sankayang'ana bokosi, ankayang'ana Yotamu. Ndinamva ndi makutu anga wina akunena kuti mbusa wapita, ng'ombe ilowa m'munda. Anapirira mpaka tinameta. Kenako anamwa, ndipo sindibisa. Anamwa mpaka anyamata a pashabini anamubweretsa pawilibala. Amalume anayambanso kutchula Lusaka, ndipo wina m'banjamo anatchula ngakhale kanyumba ka thonje. Ine mantha anandigwira kuposa tsiku la loko, chifukwa tsopano panalibe wobwera ndi nkhwangwa.

M'mawa mwake ndinapita kwa amayi ndipo ndinapeza mphasa ya Yotamu yopanda munthu. Ndinathamangira kushabini, kunalibe. Ndinamupeza pamphambano pomwepo, ataima pambali pa mgolo, nkhope yotupa, malaya atamanga mabatani molakwika. Sanandione. Anawerama pang'ono, pa msinkhu umene nkhope ya azakhali inkakhala, n'kuuzira mpweya pamalo opanda munthu. Anadikira kanthawi ngati akumva chigamulo.

"Alongo, ndikuperekezeni?" ndinafunsa.

"Iyayi, pita kusukulu. Lero ndikadzinenera ndekha kuti andibwezere pamwamba. Koma Lachiwiri udzabwere. Ndekhandekha sindingathe."

Anakweza dzanja, minibasi inaima.

Sindikunena kuti Yotamu wachira. Azakhali akanandimenya ndi ambulera ndikanatero, chifukwa ankati matenda amenewa sutsanzikana nawo, umangowadziwa pokhala. Panopa ali pa kamodzi pa mwezi, ndipo chiliza chija mafelemu ake anakhoma ndi iye.

Mgolo ukadali pamphambano, pansi pa mango. Wachita dzimbiri, ndipo pamwamba pake pali potsetsereka pamene chitenje chawo chinapukuta zaka zonsezo. Ogula zitsulo zakale anafunapo kuutenga, Yotamu anawathamangitsa ndi nyundo. Palibe amene amakhalapo, ngakhale amayi ogulitsa tomato amaika madengu awo pansi. M'mawa wa Lachiwiri anthu amaima mouzungulira, ena atabisa nkhope m'zipewa, ndipo minibasi zikamayandikira zimachepetsa liwiro zokha, kondakitala n'kusuzumira kufuna ambulera. Ambulera kulibe. Pali mlongo wanga, atavala jekete ya atate imene yamukulira m'mapewa, akukuwa msewu wonse kumva kuti akupita kuchipatala cha mowa, ndipo malo alipo.